Mtsikana Amene Ankanenepera Dziko Lonse

Dziko la Tikukhuta lili kuseri kwa mapiri a Musatifunse, ndipo kum'mawa limathera pa mtsinje wa Usacheuke. Amene analitcha dzinali ndi Mfumu Sindilakwa Wachitatu, tsiku lomwe ankalongedwa ufumu, atangosamba m'manja pomaliza kudya.

M'dzikomo munali mtsikana wina, dzina lake Sigele, ndipo ntchito yake inali kunenepa. Musaseke, inali ntchito ya boma, yokhala ndi nyumba yake ndi mlonda wake. Sankadzinenepera yekha ayi, ankanenepera mtundu wonse. Iye akawonjezera kilo imodzi, wailesi inkalengeza kuti anthu onse a ku Tikukhuta awonjezera kilo imodzi, ndipo anthu a nthiti zoonekera m'malaya ankaomba m'manja, kenako n'kumadzipapasa kuti amve pomwe kiloyo yakhala.

Koma mtima wa Sigele unali kutsidya kwa Usacheuke, kwa Dzimbiri wopalasa bwato, mnyamata wowonda ngati nkhafi yake yomwe. Ankhoswe anali atakambirana kale, nyumba ya chitengwa itamangidwa, khomo lake atalikulitsa dala. Chovuta chinali lamulo. Lamulo linkati Woyezedwa wa Mfumu sawoloka mtsinje, ndiponso sakwatiwa, chifukwa bwalo la nduna linali litapeza kuti banja limawondetsa mkazi. Pa mfundo yokhayi akazi a ndunazo anavomereza kuti amuna awo anena zoona.

Kuti mumvetse mmene mwana wa eni anagwera m'zimenezi, tibwerere ku chaka chomwe anabadwa.

Chaka chimenecho mfumu inaitanitsa bwalo ku likulu la Ombanimmanja. Inati ikufuna umboni wakuti chiyambire kulamula iyo anthu akunenepa, umboni woti alendo akabwera azionetsedwa. Nduna ya Zonenepa ndi Chimwemwe, Olemekezeka a Vomerani, anaimirira nati zimenezo n'zosavuta, tingoyeza nduna zonse zisanadye ndiponso zitadya, basi umboni wapezeka. Bwalo linaomba m'manja. Koma pakona panakhala mayi wina wamagalasi, Mayi Dzoole, amene anali atangobwera kumene kuchokera ku masukulu aakulu, asanaphunzire kuti ku Ombanimmanja munthu amayankhula ndi zikhatho osati ndi pakamwa.

Mayiwo anati ukafuna kudziwa ngati anthu akusintha, suyeza awa lero, ena chaka chamawa, chifukwa sudzadziwa ngati asintha ndi anthuwo kapena wasintha ndi iwe wosankha. Umatenga anthu omwewo n'kumawatsatira chaka ndi chaka mpaka imvi. Uwasankhe pochita maere, kuti wina asalowetsemo mphwake wonenepa kale. Sikelo ikhale yomweyo, mwezi ukhale womwewo. M'mbale mwawo usapisemo dzanja, azidya zomwe anzawo akudya, apo ayi udzakhala ukuyeza mphatso zako osati moyo wa dziko. Ndipo chachikulu, anatero akugogoda pa tebulo, wina akasowa umutsatire mpaka umupeze, pakuti amene amasowa pa sikelo kawirikawiri ndi amene njala yawathamangitsa.

Mfumu inamva mpaka pa sikelo yomweyo, kenako tulo tinaitenga. Itadzidzimuka inalamula kuti zonse zichitike monga yamvera.

Anasonkhanitsa amayi onse a makanda a chaka chimenecho, n'kuthira chimanga m'dengu, njere zoyera zambirimbiri ndi zofiira mazana atatu. Amayi ake a Sigele, a Nasimango, anapisa dzanja natulutsa yofiira, ndipo analulutira poganiza kuti kubwera mabulangete. Sikunabwere mabulangete. Kunabwera sikelo.

Inali sikelo ija yoyezera matumba a chimanga, yankhope yozungulira ngati wotchi, muvi umodzi, mbedza pansi. Muviwo unkayambira pamwamba, kuzungulira nkhope yonse, n'kukathera pamwamba pomwepo, pamene kilo ya handiredi inagona mphasa imodzi ndi ziro. Anaimangirira ku nthambi ya mkuyu wa pabwalo, ndipo chaka chilichonse mwezi wa Febuluwale, njala ili pachimake, ana aja ankavekedwa kabudula wa zingwe n'kukolowekedwa lende, mmodzimmodzi, Mayi Dzoole akuwerenga muvi mokweza. Akamaliza ankaphatikiza makilo a ana onse n'kuwagawa mofanana, kuti apeze kulemera kwa mwana wapakatikati.

Zaka zoyambirira zinali zokoma. Ana ankalemera chaka ndi chaka monga ana amachitira, ndipo mfumu inkaima pansi pa mkuyu n'kufunsa khamu kuti mwana amene anali makilo atatu lero ali khumi, wachita zimenezi ndani? Khamu linkayankha kuti ndinu Mwinizonse. Amayi amene anayamwitsa anawo ankangoyang'anizana. Mayi Dzoole anayesa kunena kuti mwana amakula ngakhale kutsidya kumene mfumu silamula, choncho kuti tidziwe gawo la mfumu mpofunika kuyerekeza ndi ana a kumeneko. Bwalo linakhala pansi tsiku lonse, n'kugamula kuti ana a kutsidya amakula chifukwa cha nsanje.

Tsoka linabwera ana aja atasiya kukula, mvula n'kudulanso zaka zotsatizana. Muvi unayamba kubwerera m'mbuyo. A Vomerani anachotsa Tsiku la Sikelo mu Febuluwale kulipititsa nthawi yokolola, ati Febuluwale ndi mwezi wamwano. Zinathandiza chaka chimodzi chokha. Koma chaka chinacho anyamata angapo owondetsetsa sanabwere, anali atapita kutali kukafuna maganyu, ndipo atagawa makilo a otsalawo zinapezeka kuti munthu wapakatikati wanenepa. A Vomerani anafunsa kawiri kuti amvetse. Atamvetsa anatseka chitseko cha ofesi, ndipo alembi awo anamva mapazi akuvina m'katimo.

Mayi Dzoole anapempha njinga kuti akawatsatire anyamatawo. M'malo mwa njinga anapatsidwa lamulo latsopano. Lamulolo linkati popeza n'kosatheka munthu kuwonda mu ulamuliro wa Sindilakwa, aliyense amene muvi wake wabwerera m'mbuyo si iyeyo ayi, mwini wake weniweni sanapezeke. Ndipo wantchito wa boma aliyense wonena kuti waona munthu amene sanapezeke, ndiye kuti akutcha nduna wabodza.

Otsalawo anayamba kulandira chakudya cha kunyumba ya mfumu. Komabe thupi silimva lamulo. Wina malungo, wina kubereka, wina kukanidwa ndi chibwenzi, muvi n'kubwerera, a Vomerani n'kukweza chala, sanapezeke. Chaka ndi chaka oyezedwa ankachepa, dziko n'kumanenepa. Womaliza kuchoka anali Kachiza, amene anamwa thobwa logonera pa ukwati, m'mimba n'kumutsegula sabata ya sikelo yomwe. Anatsala Sigele yekha. Mayi Dzoole anati munthu mmodzi si dziko. A Vomerani anati koma masamu aphweka, palibenso zogawagawa.

Kunenepa kwa Sigele kunali ndi ana ake. Bwalo linalamula matelala kuti asiye kusoka zovala zazing'ono poti zikunyoza chitukuko, moti amuna a ku Tikukhuta ankayenda dzanja limodzi litagwira thalauza, ndipo kuomba m'manja kunasanduka ntchito yangozi. Chaka china dziko loyandikana linatumiza ngolo za chimanga cha chithandizo. Mfumu inazibweza pa malire, n'kuwatumizira chithunzi cha Sigele. Mtolankhani wa wailesi atafunsa mayi wina wogulitsa nkhuni kuti akumva bwanji poti chaka chino wawonjezera makilo atatu, mayiyo anati akuthokoza kwambiri, koma ulendo wina makilo akewo adzamupatse m'manja, adzanyamula yekha kupita nawo kwawo.

Sigele zonsezi ankazimva, ndipo sizinkamukomera. A Nasimango akabwera kudzamuona, ankasechedwa pa geti potuluka, kuopa kuti angatuluke ndi ntchafu ya nkhuku ya dziko. Mwana masaya phwii, mayi wake khosi ngati la botolo, atakhala mphasa imodzi n'kumafunsana kuti mwadzuka bwanji.

Osapezeka aja sanapite kutali. Anakhazika mabenchi awo pa msika wa Nong'onani, mzere wonse wa kumunsi, ndipo anthu ankautcha Mzere wa Osowa. Kumeneko kunali tomato wabwino ndi nkhani zabwino, pakuti munthu amene kulibe amayankhula zomwe wafuna. Apolisi ankadutsa pamenepo maso ali kumwamba ngati akufuna mvula. Mkazi wa a Vomerani ankagula nyemba pa benchi ya Kachiza akuyankhula ndi nyembazo, kuzifunsa ngati zingatsike mtengo, Kachiza n'kumayankha m'malo mwa nyemba kuti sizingatsike.

Sigele ankaloledwa kupita ku msika Loweruka, pa ngolo ya abulu, kuopa kuti kuyenda pansi kungadye chuma cha dziko, mlonda wake Sajeni Mpotazingwe ali pambuyo. Akafika pa Mzere wa Osowa sajeniyo ankasanduka wakhungu ndi wogontha monga mwa lamulo, ndipo Dzimbiri ankazidziwa zimenezo. Ankawoloka m'mawa n'kudzaima pakati pa osowa, atanyamula lichero la matemba ngati wogulitsa.

Loweruka lina anabwera nkhope ili yakugwa. Anati atsibweni ake atopa. Nyumba yakhala yopanda mkazi mpaka chiswe chayamba kuiyesa yake, ndipo anenetsa kuti mvula yoyamba ikagwa Sigele asanawoloke, akamufunsirira mwana wa wosula makasu, amene alibe mlonda.

"Ndiye inu mwati chiyani?" anafunsa Sigele.

"Ndati ndamva."

"Mwati mwamva."

"Ndi atsibweni, Sigele. Ukawayankha amadwala, akadwala mudzi wonse umati wawalodza ndiwe."

Sigele anamuuza kuti munthu wolimbana ndi ng'ona tsiku ndi tsiku n'kumaopa nkhalamba ya mano awiri, sanamuonepo. Dzimbiri anati ng'ona siitanitsa msonkhano wa banja.

Ndaziona, mnzake wa Sigele wa pa sikelo kuyambira ali makanda, amene anasowa atabereka mapasa, ankamvetsera uku akupanga milu ya tomato. Anati nkhaniyi njosavuta. "Wonda, mwali. Kilo imodzi yokha. Tonsefe tinatulukira khomo lomwelo. Taona ine, chisowereni sindinadwalepo mutu."

Sajeni Mpotazingwe anauza mtambo wina kuti nthawi yatha.

Sigele anayesa, Mulungu ndi mboni. Nkhuku yokazinga ikabwera ankaipatsira sajeni pa windo. Futali, zitumbuwa, chigumu cha nthochi, mpunga wa mafuta, zonse pa windo. Patapita milungu ingapo lamba wa sajeni anasowa bowo, ndipo a Vomerani, amene pa nkhani ya mimba anali katswiri, anaona kuti chakudya cha dziko chikunenepetsa munthu wolakwika. Anatumiza amayi atatu ovina pa bwalo la mfumu kuti azikhala naye pa chakudya, wina kuimba, wina kuomba m'manja, wachitatu kuyang'anitsitsa pakhosi ngati chadutsadi. Sigele anayesa kudandaula, poti anamva kuti nkhawa imawondetsa, koma iye nkhawa inkangomupatsa njala. Thupi lake linali lija longomva fungo la mafuta n'kuyamika.

Chimanga chitayamba kuuma m'minda, Mayi Dzoole anabwera ndi tepi kudzayeza chiuno, kuti telala akulitse kabudula wa zingwe uja. Paja mfumu inagwiritsa mawu akuti zonse zikhale zomwezo, choncho mkazi wamkulu ankakolowekedwabe ku mkuyu ngati khanda. Mayiwo tsopano anali ndi imvi, magalasi omanga ndi ulusi, ndipo pa ntchito yonse ija anangotsala ndi kuwerenga muvi.

Sigele anawauza zonse, misozi ikugwera m'mbale ya mtedza womwe ankadya osazindikira. Pomaliza anati, "Munandilowetsa ndinu, mayi. Nditulutseni."

Mayi Dzoole anapinda tepi. Kenako anafunsa ngati akukumbukira pomwe muvi unaima chaka chatha. Sigele anati anthu anamuuza kuti pafupi ndi pamwamba, kutsala mwina zala zinayi.

"Ndinawapempha a nduna kuti tigule sikelo yaikulu," anatero mayiwo. "Anandikumbutsa kuti amene ndinati sikelo ikhale yomweyo ndi ine. Tsono muvi uja, mwanangu, ulibe nzeru. Ukafika pamwamba suima. Umadutsa, n'kuyambanso kuwerenga kuchokera pa ziro ngati munthuyo wabadwa lero."

Sigele anasiya kutafuna.

Mayiwo anamuchenjeza kuti njirayi ili ndi dzenje. Akaperewera pang'ono, muvi n'kuima usanadutse, adzakhala wanenepa kuposa zaka zonse, ndipo adzamusunga ngati dzira mpaka kukolola kwina. Mvula ya atsibweni siidzadikira zimenezo.

"Nanga kafukufuku wanu? Ndikachoka ine ndiye kuti watha."

"Anatha tsiku lomwe anandimana njinga. Chatsalachi ndi gule chabe. Idya, mwanangu."

Ndipo Sigele anadya. Woimba uja mawu anamuthera, woomba m'manja zikhatho zinatupa, woyang'ana pakhosi anapempha kuti azisinthana ndi wina. Ophika anawonjezeredwa. Sajeni Mpotazingwe ankaimabe pa windo mwachizolowezi osalandira ngakhale fupa, lamba n'kubwerera pa bowo lake lakale. A Vomerani anakauza mfumu kuti mtsikanayo wagwidwa ndi chikondi cha dziko lake, ndipo mfumu inalamula osula kuti asule mendulo ya mkuwa yokhala ndi nkhope yake, masaya onse awiri osachepetsa.

Tsiku la Sikelo bwalo la Ombanimmanja linadzaza. Ng'oma, ana a sukulu, alendo a mayiko ena pa mipando ya kutsogolo ndi zipewa zawo. A pa Mzere wa Osowa anaima kumbuyo, malo amene pa mwambowo ankatchedwa opanda anthu. Mfumu inayankhula mpaka mthunzi wa mkuyu unasamuka. Inati makolo athu ankawonda chifukwa cha umbuli. Inati posachedwa makomo onse a m'dziko akulitsidwa, ayambira a nduna. Inatinso mayiko ena akutumiza akazitape kudzaba chinsinsi cha masaya athu, choncho aliyense asunge masaya ake. Amuna anaomba m'manja mwachangu n'kubwezera dzanja pa thalauza.

Asilikali anayi ananyamula Sigele n'kumukoloweka. Nthambi ya mkuyu inalira. Muvi unanyamuka, kutsika mbali iyi, kudutsa pansi, kukwera mbali inayo, kuyamba kuchedwa, kuchedwa, kenako njenjenje, n'kuima. Unaima kutatsala kachala kamodzi kuti ufike pamwamba.

Sigele sankauona muviwo poti unali pamwamba pa mutu wake, koma anaona nkhope ya Mayi Dzoole, ndipo anadziwa. Kumbuyo kwa khamu anaona Dzimbiri atavula chipewa ngati ali pa maliro. Anakumbukira chitumbuwa chimodzi chomwe anasiya m'mbale m'mawa umenewo poti mtima unali m'mwamba, ndipo anachilakalaka kuposa mmene analakalakirapo chinthu chilichonse chibadwire.

Mwambo unkati kulemera si kulemera mpaka Mayi Dzoole atakutchula mokweza. Mayiwo anavula magalasi. Anawapukuta ndi nsonga ya chitenje. Anawalozetsa ku dzuwa, n'kuwapukutanso. Ulusi womangira uja unamasuka, kapena anaumasula, palibe akudziwa, ndipo anayamba kuumanga pang'onopang'ono ngati munthu wopanda kopita.

Mfumu Sindilakwa sinazolowere kudikira munthu. Muvi inali itauona ndi maso ake, pamwamba pomwe sunafikepo ndi kale lonse, ndipo alendo anali akuyang'ana. Inatenga mendulo ija, yaikulu ngati chivundikiro cha poto, inakwera pa mpando, n'kumuveka Sigele m'khosi ali lende pomwepo. Ng'oma zinalira, nthungululu zinadzaza bwalo.

Muvi unagwedezeka, unadutsa pamwamba, n'kukaima patsogolo pang'ono.

Mayi Dzoole anavala magalasi, nayang'ana, ndipo ndi mawu omwe aja a zaka zonse anati, "Makilo awiri."

Ng'oma zinasiya imodziimodzi. Kunali zii, moti kunamveka mbuzi ikutsokomola ku msika.

A Vomerani thukuta linatsika mpaka m'masokosi. Anene kuti sikelo yanama? Sikeloyo inali itapatsidwa kale udindo wa Sikelo Yosanama, ndipo kunenepa konse kwa dziko kunali kulendewera pa mbedza yake. Anene kuti vulani menduloyo tiyezenso? Ndani angagwire nkhope ya mfumu n'kunena pagulu kuti ndi imene yaononga zinthu? Nanga avomere kuti dziko latsika kuchoka pa thumba la chimanga kufika pa nkhuku imodzi, alendo akumva? Mfumu inawayang'ana. Khamu linawayang'ana. Ndipo chala chawo, chimene chinazolowera ntchito yake kwa zaka zambiri, chinakwera chokha.

"Sanapezeke," anatero ndi mawu ngati a mwanapiye.

Pomwepo maso onse a boma anakwera kumwamba. Asilikali, nduna, ovina, onse kuyang'ana masamba a mkuyu. Mfumu inapeza kanthu kochititsa chidwi pa zikhadabo zake. Mlendo wina anafunsa womasulira kuti nanga mayi akulendewerayo ndani, womasulira nati kuchokera pomwe wakhala sakuona bwino.

Vuto linali lakuti munthu amene kulibe sangatsitsidwe ndi asilikali amene alipo. Sigele anakhala akuzungulira pang'onopang'ono pa mbedza, nkhope ya mfumu ikung'anima pachifuwa pake, mpaka Ndaziona anamangitsa chitenje m'chiuno nati, "Tiyeni tikatenge mnzathu."

A pa Mzere wa Osowa analowa m'bwalo, Kachiza patsogolo, anthu mazana, owonda, otuwa, ena ana ali kumsana, kudutsa pamphuno penipeni pa mfumu. Chiyambire dziko la Tikukhuta sikunachitikepo kuti anthu ambiri chotero asaoneke nthawi imodzi. Anamunyamula, kumutsitsa, kabudula wa zingwe n'kumusiya akulendewera.

Mayi Dzoole anaima n'kumawayang'ana akudutsa. Ankawatchula mayina mmodzimmodzi, ena ndi mayina awo a ukhanda. Poona kuti anthu awo ali pamodzi koyamba patapita zaka zambiri, anamasula sikelo ku mkuyu, kuisenza pamutu, n'kuwatsatira. Palibe anawaletsa, pakuti kuwaletsa kukanakhala kuvomera kuti akutsatira anthu. Akuti Febuluwale aliyense sikeloyo imalendewera pa mtengo wa kumunsi kwa msika wa Nong'onani, osowa ali pamzere, apolisi akudutsa maso ku mitambo.

Madzulo a tsikulo wailesi inalengeza zotsatira za kafukufuku wamkulu. Mwa ana mazana atatu amene boma linawatsatira chibadwire, palibe ngakhale mmodzi amene anapezeka atawonda. Mfumu inalamula tchuthi, ndipo a Vomerani anakwezedwa kukhala Nduna ya Mvula. Ku msika anthu anati basi chilala chatha, chaka chimene siidzagwa chidzakhala chaka chimene sichinapezeke.

M'mawa mwake Sigele anatsikira ku doko la Usacheuke, a Nasimango akululutira kachiwiri, ulendo uno pa chifukwa chenicheni. Sajeni Mpotazingwe anabwera pambuyo atasenza mtolo wa ziwiya, nauza alonda a pa doko kuti akungoupititsa kokawombedwa mphepo. Alondawo anati n'zoona, ziwiya zimafuna mphepo. Sajeniyo anauika m'bwato, napukuta m'maso, nati fumbi lachuluka chaka chino.

Sigele atapondamo, bwato linatsika mpaka madzi anatsala pang'ono kusuzumira m'kati. Mkulu wa alonda, maso ali kumwamba, anafunsa Dzimbiri kuti wanyamula chiyani, popeza lamulo limati afunse.

"Makilo awiri, bwana."

"Pita nawo."

Dzimbiri anapalasa, misempha ya m'khosi itatuluka, thukuta lili kamukamu, bwato likuyenda ngati ladya nalonso. Pakati pa mtsinje Sigele anavula mendulo, naitembenuza uku ndi uku, nati ikhala bwino kuvundikira poto wa nyemba, nkhope kuyang'ana pansi. Kenako anamasula kansalu, natulutsa chitumbuwa chija anachisiya dzulo. Anachiyang'ana kanthawi, n'kumuika chonse Dzimbiri m'kamwa.

"Idyani," anatero. "Kutsidyaku wonenepa mukhala inu. Ine ndapuma pa ntchito."